Galimoto ya Apongozi Inakana Kutuluka Pageti

1

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndipo ntchito yanga ndi yokonza tsitsi ndi zikhadabo za amayi anzanga. Pa saluni anthu amalankhula. Mutu ukangolowa m'manja mwa wina, pakamwa pamatseguka pokha, moti zinsinsi za m'dera lathu ndazimva mpaka ndinasiya kudabwa. Yangayi sindinauzepo kasitomala ndi mmodzi yemwe. Ndikulembera inu chifukwa simundidziwa nkhope.

Nyumba yathu ili kumapeto kwenikweni kwa msewu wafumbi, kupitirira pamene matakisi amatembenukira. Pabwalo pathu panali galimoto ya malemu apongozi anga aamuna, yaitali, ija imakoka ndi matayala onse anayi. Inali yobiriwira kale, koma dzuwa ndi dzimbiri zinagawana mtunduwo. Amuna anga ankaitcha Nkhalamba. Apongozi atamwalira inakhala pa njerwa zaka zisanu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Amuna anga ankasunga katundu pa kampani ina m'tauni ya kutali, ulendo wa maola atatu pa basi. Poyamba ankabwera mwezi uliwonse, kenako ankadumpha mwezi. Ana athu awiri anali atakula n'kupita kwawo kwawo. Loweruka lina anafika ndi chikwama cha masipanala m'malo mwa cha zovala, anakhala pakhonde n'kundiitana.

"Mayi, khalani pansi. Ndisakubiseni. Kumene ndikugwira ntchito kuja ndili ndi munthu."

"Ndikudziwa," ndinatero. Malaya awo anali atayamba kale kubwera atasitidwa mwa mtundu wina, osati mmene ndimasitira ine.

"Nyumbayi ndi yanu ndi ana, sindikhudzapo kanthu. Ndikufuna Nkhalamba basi. Ndizibwera Loweruka ndi Lamlungu kudzaikonza. Tsiku limene idzayende ndidzatuluka nayo pagetipo, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

"Bwanji osangoitana lole idzaikoke lero lomwe?"

"Galimoto ya bambo anga singakokedwe ngati mbuzi. Ituluka ndi miyendo yake. Ndiponso makaniko saikhudza, ndinawalonjeza bambo."

Ndinadikira kuti mtima undipweteke, koma sunapweteke. Ndinadzuka n'kukatereka madzi a tiyi.

2

Ntchito ya galimoto imafuna manja anayi, ndipo pakhomopo tinalipo awiri okha. Loweruka loyamba ndinaonerera pawindo. Lachiwiri ndinamva akuitana ali pansi pa galimoto.

"Mayi, pepani, tandipatsirani sipanala nambala 14."

Ndinawapatsa ya 17. Anaibweza osakalipa, n'kundionetsa pamene nambala imalembedwa. Pakutha pa mwezi ndinkazizindikira ndi maso okha, asanatchule n'komwe.

Tinatulutsa oyilo wakale, wakuda bii ngati phula. Tinatsuka ladiyeta ndi paipi ya madzi mpaka inasiya kusanza dzimbiri. Tinasintha mapulagi, malamba ndi fyuluta. Tsiku la mabuleki anandikhazika pampando wa dalaivala, iwo ali chagada kuseri kwa tayala ndi kabotolo, akuchotsa mpweya m'mapaipi.

"Pondani! Pondaninso! Gwirani pomwepo, musasiye! Eya, siyani."

Matayala anayi, tsiku lathunthu, mwendo wanga unachita dzanzi.

Amuna anga ndi munthu wouma pakamwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za banja, nkhani zathu zinali zoti mchere watha, mwana watentha thupi, denga likudontha. Koma akalowa pansi pa Nkhalamba ankasanduka wailesi. Chilichonse chimene agwira ankachifotokoza, kaya kwa ine, kaya kwa malemu bambo awo, sindikudziwa.

"Mukuona kawaya aka? Kakangomasuka pang'ono, galimoto yonseyi ndi chitsulo chabe. Anthu amathamangira kugula batire, vuto lili apa."

Ine ndinkangoti "Oo," nditagwira tochi. Masana tinkadyera pamthunzi wa galimotoyo, iwo atakhalira tayala, ine chidebe. Ankagona m'chipinda cha mwana wathu wamwamuna, ndipo Lamlungu ankakwera basi ya 4 koloko.

Patatha miyezi isanu, Lamlungu lina masana, Nkhalamba inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira. Utsi unadzaza bwalo, nkhuku zinabalalika. Amuna anga anakumbatira chiwongolero akuseka ngati mwana. Sindinawaonepo akuseka choncho ngakhale pa ukwati wathu.

"Mapepala ake anatha kalekale," anatero akupukuta manja. "Ndiwakonza mkati mwa sabatayi. Loweruka ndidzainyamula."

Analongedza mabuku awo ndi masuti awiri m'makatoni, n'kuwaika pafupi ndi chitseko. Ndinawathandiza kumanga zingwe. Loweruka anafika ndi mapepala m'manja, atameta bwino. Anatembenuza kiyi. Nkhalamba inangoti tche, basi.

3

Zinapitirira choncho. Akakonza ichi, galimoto inkalira tsiku limodzi, pofika Loweruka lotsatira yadwala china. Ulendo wina inali fyuzi, ulendo wina waya wa pa batire, ulendo wina kapulagi kobisika pansi pa injini. Anaganizira makoswe, anathira mankhwala. Anaganizira anthu odutsa, anayamba kukhoma zitseko zonse n'kumapita ndi kiyi. Makatoni aja anakhalitsa pakhomo mpaka ndinawafunditsa nsalu n'kuikapo maluwa.

Achemwali awo aakulu, alamu anga, anali namwino asanapume pantchito, ndipo pakamwa pawo sipanapume nawo. Ankabwera kawirikawiri Loweruka kudzaonerera, atanyamula mpando wawo mpaka pamthunzi.

"Achimwene, galimotoyi ikukuuzani mawu. Bambo akukana kumandako kuti isapite kumene mukufuna kupita nayoko."

"Achemwali, galimoto ilibe mizimu. Ili ndi mawaya."

"Ndiye itanani wa mawaya!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo ndi yakhungu, achimwene."

Kukhitchini anandikokera pambali. "Alamu, inu ndiye mumandidabwitsa. Mwamuna akukonza chokuthawirani, inu muli kalikiliki kumugwirira tochi? Ndikanakhala ine ndikanaithira petulo n'kuyatsa machesi."

"Nanga Loweruka lonse ndizitani?" ndinayankha. Anandiyang'ana ngati wodwala amene wakana mankhwala, n'kupukusa mutu.

Mayi wa kutauni uja ankaimba foni cha m'ma 11 koloko, nthawi imene manja a amuna anga anali oyilo yekhayekha.

"Mayi, tandigwirirani."

Ndinkagwada pafumbi, n'kulowetsa dzanja pansi pa galimoto, foni pakhutu pawo. Mawu ake ndinkawamva bwinobwino. Anali mawu odekha, aulemu, a munthu amene ndikanamukonza tsitsi mosangalala.

"Yatheka?"

"Yatsala pang'ono."

"Chaka chatha munanenanso choncho."

"Ulendo uno ndapeza pamene pali vuto."

Ine maso anali pa nyerere zikunyamula nyenyeswa za buledi. Akamaliza ndinkapukuta foniyo ndi epuloni n'kuibwezera m'thumba la jekete yawo. Mukhoza kuganiza kuti mkatimu ndinkapsa. Ayi ndithu. Munali zii, ngati m'nyumba imene anthu asamukamo.

4

Chaka chachiwiri chinawadya amuna anga. Miyezi inayi yomaliza Nkhalamba sinalire ngakhale kamodzi. Sitata inkazungulira bwinobwino, koma injini osagwira.

"Ukatembenuza kiyi, pampu ya petulo imayenera kung'ung'udza kaye kumbuyoko," anandiuza. "Taikani khutu pa thankipo."

Ndinaika khutu. "Kuli zii, bambo."

Choyamba anakayikira karileyi. Ndi kabokosi kakuda kochepa ngati ka machesi, ka timiyendo tinayi tachitsulo, kamene kamatumiza magetsi ku pampuyo. Anagula katsopano. Ndinawatulutsira m'pepala lake, anakalowetsa, anatembenuza kiyi, zii. Anagulanso kena kusitolo ina poganiza kuti koyamba kanali kabodza. Zii.

"Ndiye kuti si karileyi," anatero, n'kukachotsa m'maganizo.

Anagula pampu yatsopano. Kuti uifike pampuyo umayenera kutsitsa thanki yonse, uli chagada, chitsulo chili pachifuwa, fumbi likugwera m'maso. Anaitsitsa, anaikweza, osalira. Anayamba kutsata mawaya mmodzimmodzi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, akusenda tepi yakale ndi kampeni.

Lamba wa thalauza anaboola bowo lina. Mutu unkawapweteka pafupipafupi. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ankawaiwala kutauni, ndikawakumbutsa ankati amwa Lolemba. Anasiya kufotokoza zimene akuchita. Ankangotambasula dzanja, ine n'kuikamo sipanala.

Lamlungu lina anakhala pa tayala lija nthawi yaitali, tiyi ali pansi.

"Mayi, mutu wangawu watha. Bambo ankadziwa vuto la galimoto ndi khutu lokha. Ine zaka ziwiri, kagalimoto kamodzi. Kuntchito nakonso ndayamba kudzikayikira, chinthu chimodzi ndimachibwereza katatu. Ndimati ndikagona ndimangoona mawaya."

Ndinawasendezera kapu ya tiyi pafupi, iwo n'kupitiriza.

"Kapena ndingoitana lole munkanena ija. Bambo andikhululukira."

Apa ndiye pamene ndimafika ndikamaganiza za nkhaniyi. Munthu anali atatopa, atagonja, chitseko chili chotsegula. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mwafika patali, bambo. Yesaninso kamodzi. Mwina mwalakwitsa pomanga pampu paja."

Anandiyang'ana mwachisoni. "Inu ndinu munthu wabwino. Sindidziwa chifukwa chake mumandithandiza."

"Imwani tiyi, akuzizira," ndinatero.

5

Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata imeneyo mvula inagwa masiku anayi osalekeza n'kukokolola msewu wathu. Magalimoto aang'ono ankathera kumtunda, pafupi ndi sitolo, ulendo wa theka la ola wapansi. Loweruka dzuwa linatuluka lolasa, nthaka ikufuka nthunzi. Amuna anga anafika matope mpaka m'mawondo, osapuma n'komwe, n'kulowa pansi pa Nkhalamba.

Anatsitsa thanki, anaona pampu kuti ili bwinobwino, anaikwezanso. Pofika 1 koloko anali atamanga bawuti yomaliza n'kuthiramo petulo wa m'chigubu. Alamu anga anali pampando wawo akudzikupiza ndi nyuzipepala. Amuna anga anakwera, anatembenuza kiyi. Sitata inazungulira, inazungulira. Anatsika pang'onopang'ono, atagwira chitseko.

"Mayi, ndipatseni... ndipatseni..."

Mawu anasokonekera ngati akulankhula ndi madzi m'kamwa. Mlomo unapendekera mbali imodzi. Anatsetsereka pa chitseko mpaka pansi.

Alamu anga anafika ine ndisanasunthe. "Achimwene, kwezani manja onse! Kwezani!" Dzanja lamanzere linakwera, lamanja linangoti lende. "Ndi sitiroko iyi! Alamu, itanani aneba! Afike kuchipatala pompano, apo ayi tawataya!"

Aneba athu, dalaivala wa mabasi wopuma, anabwera akuthamanga ndi sopo kumaso. Galimoto yawo yaing'ono anali ataisiya kumtunda kuja chifukwa cha msewu. Titaimbira a ambulansi, anati ifika pa sitolo pokha, ndiponso ichedwa.

"Tiwanyamule pa chitseko," anatero aneba. "Tipeze anthu anayi."

"Theka la ola m'matope? Safika!" Alamu anga anamenya Nkhalamba ndi chikhatho, misozi ili chuchuchu. "Chinthu chokhacho chimene chingadutse apa ndi chitsulo chakufachi!"

"Agonekeni pampando wakumbuyo," ndinatero.

"Mwapenga?"

"Agonekeni."

Ndinalowa m'nyumba. Sindinathamange, izi ndimazikumbukira bwino. Kuchipinda ndinatsitsa bokosi la marola a tsitsi pamwamba pa wadirobu, ndinapisa dzanja pansi, n'kutulutsa karileyi. Panja ndinatsegula boneti, ndinavundukula bokosi la mafyuzi, ndinazula kamene kanalimo, n'kulowetsa kangako.

"Aneba, tembenuzani kiyi. Musalize kaye, dikirani pang'ono."

Kumbuyo pampu inang'ung'udza.

"Lizani."

Nkhalamba inalira kamodzi n'kamodzi.

Nditatseka boneti ndinaona amuna anga kudzera pagalasi. Mutu wawo unali pamiyendo ya achemwali awo, maso ali gwa pa ine. Diso limodzi linali litagwa, koma linalo linkaona bwinobwino.

6

Nkhalamba inadutsa matope aja ngati palibe kanthu. Mabuleki anagwira, injini sinatenthe, magiya ankalowa mosavuta. Inali galimoto yokonzedwa bwino. Aneba ndiwo anali pa chiwongolero.

Atawalowetsa m'chipatala, ine ndi alamu tinakhala pa benchi pakhonde la wodi. Anadikira mpaka namwino atadutsa.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba lija inalira."

Ndinawauza zonse, ndipo ndikuuzaninso inu. Lachitatu la sabata ija, makatoni ali pakhomo, ndinaweruka kuntchito n'kudzaima pafupi ndi galimotoyo. Sindinakonzekere kanthu. Ndinangoona dzanja langa likumasula kawaya kaja anandionetsa eni ake. Ndinati ndingowonjezera Loweruka limodzi. Linabwera Loweruka limenelo, tinadyera limodzi pamthunzi, ndipo Lachitatu lotsatira ndinabwereranso.

Atayamba kupita ndi kiyi sizinandivute. Kiyi wina ndinamupeza m'thumba la jekete ya apongozi pamene tinkachapa zovala zawo atamwalira, ndipo anali m'dirowa yanga zaka zonsezo. Vuto lililonse ankandiphunzitsa okha. Akanena kuti ichi chikafa galimoto siilira, ine ndinkasunga mumtima. Mabuleki okha ndi chiwongolero sindinakhudzepo, ndinkadziuza kuti bola pamenepo ndine munthu.

Atayamba kuzindikira msanga mawaya omasuka, ndinatenga chida cha ntchito yanga. Pali polishi wa zikhadabo wopanda mtundu, woyera ngati madzi. Ukapaka pachitsulo n'kuuma, maso saona, koma magetsi sadutsa. Ndinapaka timiyendo ta karileyi. Akagula katsopano, wotulutsa m'pepala ndinali ine, ndipo m'thumba la epuloni ndinkakhala ndi kopakapaka kale. Kabwinoko ndinkasunga m'marola.

Alamu anga anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Munkaona akuwonda?"

"Ndinkaona."

"Munkaona akutsitsa thanki padzuwa, mutu ukuwawawa?"

"Ndinkawagwirira jeke."

"Ndiye munkawakonda chotani, alamu?"

"Sindikudziwa ngati n'kukonda. Loweruka pankakhala munthu wondiitana."

Sanandimenye, sanatukwane. Anasuntha n'kukakhala kumapeto kwa benchi. Adokotala atatuluka anati tafika nawo pa nthawi yake, tikanachedwa ola lina bwenzi tikunena zina. Anatinso magazi akhala akuthamanga kwa nthawi yaitali popanda mankhwala, ndipo anafunsa ngati panali chimene chinkawasowetsa mtendere. Alamu anga anayang'ana pansi. Ine ndinati panali galimoto.

7

Anakhala m'chipatala milungu isanu. Nkhani inali itafika kale paliponse, poti aneba anaona ndi maso awo ndipo ali ndi akazi awo. Pa saluni makasitomala ena anasiya kubwera, ena anachuluka, ofuna kudzaona manja amene anachita zimenezo. Mwana wathu wamkazi anandiimbira n'kungolira. Wamwamuna mpaka lero amaimba foni ya bambo ake yokha.

Mayi wa kutauni anabwera kamodzi, ndi zipatso m'jumbo. Ndi munthu wooneka bwino, wa msinkhu wapakati, mphunzitsi. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Anakhala pambali pa bedi ola limodzi akuwasisita dzanja lakufalo. Potuluka anandipeza pakhonde.

"Mayi, kwanga kuli masitepe ambiri, ndiponso ndimachoka m'mawa kubwera madzulo. Sindingawathe."

"Ndamva," ndinatero. Kuyambira pamenepo foni ya 11 koloko inasiya kulira.

Ndinabwera nawo kunyumba. Ndinawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Sankandikana, komanso sankandiyang'ana. Ndikawapatsa supuni ankatsegula pakamwa maso ali kukhoma. Mawu anayamba kubwerera mwezi wachitatu, limodzilimodzi, ndipo ankawasungira achemwali awo ndi mayi wophunzitsa mafizo olimbitsa ziwalo amene ankabwera Lachiwiri.

Tsiku lina m'mawa ndinawakhazika pakhonde, ndikuwadula zikhadabo za dzanja lamanja. Anayang'ana Nkhalamba nthawi yaitali.

"Chi... nali... chiyani?"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandiuza ine. Sanafunse chifukwa. Anafunsa vuto la galimoto.

Ndinakatenga karileyi kopakidwa kaja n'kuwaika m'dzanja lamanzere. Anakatembenuza, anakayang'anitsitsa padzuwa, osaona kanthu. Ndinatenga chala chawo chachikulu n'kukanda nacho kamwendo kamodzi. Polishi anasendeka ngati khungu la anyezi.

Anakanda kamwendo kachiwiri okha, kachitatu, kachinayi. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma ankaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope, dovu likutsikira pachibwano.

"Ndiye... mutu wanga... unali bwino."

"Unali bwino, bambo. Munaikonza kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse munkapeza."

Anagwedeza mutu, anaika karileyi m'thumba la malaya, n'kutembenukiranso kukhoma. Ndinawapukuta chibwano n'kupitiriza kudula zikhadabo.

8

Ndinaphunzira kuyendetsa, aneba omwe aja ndiwo anandiphunzitsa. Nkhalamba ndimaisamala ndekha tsopano. Ndimasintha oyilo pa nthawi yake, ndimaona madzi m'mawa uliwonse, ndipo mwezi watha ndinasintha ndekha mapaipi a ladiyeta. Ndi imene imatipititsa kuchipatala. Sinatikanepo.

Tsiku limene ndinalandira laisensi ndinaima patsogolo pawo ndi kiyi m'manja.

"Bambo, galimoto ikuyenda. Ngati mukufunabe kupita, kaya kutauni kuja, kaya kwa achemwali anu, nenani. Ndikakusiyani ndekha, ndi makatoni anu."

Anayang'ana kiyi, anayang'ana geti, kenako mwendo wawo wamanja.

"Ayi."

Ndisaname, mtima unagunda kamodzi, koyamba pa zaka zambiri.

"Ndidza... yendetsa... ndekha."

Kuyambira tsiku limenelo alimbikira mafizo kuposa kale. M'mawa uliwonse ndimagwada patsogolo pawo, ndimagwira phazi lamanja, iwo n'kumayesa kukankha chikhatho changa. Amatuluka thukuta, mitsempha ya m'khosi imaima, phazi limasuntha pang'ono ngati kunjenjemera. Akatero amandifunsa ndi maso, ine ndimati, "Lero bola kuposa dzulo." Amadya bwino, mapiritsi saphonya. Chimene chimawadzutsa m'mawa ndi tsiku limene adzandisiye.

Miyezi iwiri yapitayo adokotala anandiitanira pambali, amuna anga ali pa sikelo. Anati dzanja likhoza kubwererako pang'ono, kuyenda ndi ndodo n'kotheka, koma mwendo umenewo sudzapondanso buleki ya galimoto. Anati ndine mkazi wawo, ndikudziwa nthawi yabwino yowauzira. Mpaka lero sindinawauze.

Inu amene mwawerenga mpaka apa, ena mwandiweruza kale, ndipo sindikutsutsani. Ndinkafuna masiku awiri pa sabata, ndapatsidwa asanu ndi awiri, ndipo sindikumva kukoma kulikonse. Amayi anzanga amene mwamuna wakutsanzikani, sindikuuzani kuti musalire kapena kuti musamenye nkhondo. Menyani poyera, iye akuona. Ine ndinamenyera kumbali, ndikumwetulira, tochi ili m'manja, munthu akudziyesa wopenga pamaso panga.

Chimene ndikufuna kwa inu si chikhululuko, ndi nzeru. Ndikawauza za mwendowu, ndiwalanda chinthu chokhacho chimene chikuwalimbitsa. Ndikapanda kuwauza, ndiye kuti ndayambiranso zomwe zija: iwo akuvutika kukonza, ine ndikudziwa pamene pafa, ndili chete. Mawa 6 koloko ndidzagwadanso n'kugwira phazi lija, ndipo akadzandiyang'ana ndiyenera kudzanena kanthu.